Nyumba Yanga pa Msewu wa pa Mapu

Ndinakhala ku Kasanda kuyambira ndili kamwana kosadziwa nsapato mpaka imvi zitandidzaza m'mutu. Atate anachoka ku Petauke kudzagwira ntchito ku mgodi wa mtovu kuno ku Kabwe, ndipo nyumba imene anapatsidwa ndi yomwe inadzakhala yanga iwo atatisiya. Ine mumgodi sindinalowemo, ndinali mphunzitsi wa ku pulayimale. M'nyumba imeneyo ndinalowetsamo mkazi, ana anga anakuliramo, ndipo bokosi la mayi wawo linatulukira pakhomo lomwelo. Anyamata anga atapita ku Lusaka, m'tauni muno ndinatsala ndi mwana wamkazi yekha, namwino, yemwe ankachita lendi ku Chililalila.

Kuseri kwa mpanda wanga wa nkhadze kunkakhala mnzanga wina wachibemba. Iye anagwira ntchito yosungunula miyala ku mgodi mpaka tsiku limene unatsekedwa, kenaka anayamba kuwotcherera zitseko ndi mbaula pabwalo pake. Ife a kum'mawa ndi Abemba tili pa chimbuya. Timatukwanana popanda wokwiya, ndipo wina akaferedwa, mnzakeyo ndiye amagwira ntchito pamaliro, kunyoza womwalirayo kuti anthu aseke, ndi kupaka anamfedwa ufa kumaso. Iwo amati ife timadya mbewa. Ife timati iwo amadya anyani, amene m'chilankhulo chawo amawatcha kolwe.

M'mawa ndikatsegula chitseko, mawu ake ankadumpha mpanda.

"Iwe wodya mbewa, ukali moyo?"

"Ndikali moyo, kolwe iwe. Watsika liti mumtengo?"

Umenewo ndiwo unali moni wathu. Masana tinkasewera nsolo pansi pa mtengo wa mango, iye akubera, ine ndikumugwira dzanja. Nthawi ya mphepo, fumbi lochokera ku chulu chakuda cha zotsalira za mgodi linkagwera m'maenje a nsolo, pa zovala zoyanikidwa, ngakhale m'makapu a tiyi. Tinkangoliuzira n'kupitiriza.

Mwana wanga akapita ku ntchito ankandisiyira kamdzukulu kanga kakakazi. Kankakhala pansi pabwalo tsiku lonse, kuphika dothi m'zitini, zala zili m'kamwa. Kenaka kanayamba kudandaula m'mimba pafupipafupi, kukana chakudya, kukwiya popanda chifukwa. Mayi wake anakakayezetsa magazi. Madzulo a tsiku limene zotsatira zinatuluka anafika kwanga akadali mu yunifolomu, ndipo sanakhale pampando.

"Atate, mwana ali ndi mtovu wambiri m'magazi. Pabwalo pano sadzapondanso."

"Koma iwe unakulira pabwalo lomweli."

"Ndi chifukwa chake ndikuopa, Atate."

Anatolera tizovala ta mwanayo n'kupita. Zitini zija zinakhala pansi pa mtengo mpaka mvula inazidzaza madzi.

Chaka chomwecho a khonsolo anatiitanira ku holo ya tchalitchi kuti tikaone pulani ya tauni. Ndinapita ndi mnzanga uja. Pakhoma anapachika mapu aakulu ngati chinsalu cha pabedi, opakidwa mitundumitundu. Wofotokoza anali mtsikana wobadwira m'tauni, wa msinkhu wa ana amene ndinkaphunzitsa, ndipo ankasakaniza Chibemba, Chizungu ndi Chinyanja m'mpweya umodzi. Anati tauni ikukula popanda woiuza kolowera, ndiye afuna ikule mwadongosolo, ilowere kutali ndi mgodi. Pachikasu padzakhala nyumba. Pofiira padzakhala misika ndi masitolo. Pobiriwira padzakhala mitengo yotchinga fumbi. Anthu anadzuka m'mabenchi kukafunafuna nyumba zawo ndi zala. Mzere wathu, womwe unali womalizira kuyang'ana ku chulu chija, tinaupeza pobiriwira.

Mnzanga anakweza dzanja.

"Mayo, ndiye ine ndidzakhala mtengo wanji? Ndikufuna ndidziwiretu."

Holo yonse inaseka, mtsikanayo nayenso anaseka, n'kumuyankha momutchula kuti agogo m'Chibemba.

"Ba shikulu, kulibe amene akukuthamangitsani. Iyi ni pulani chabe ya kutsogolo, ya ana aba akakula. Manje amene afuna kuyamba kusamuka, mapuloti aliko uku."

Analoza kumphepete kwa mapu, kumene chikasu chinali chogawidwa timabokosi tofanana, misewu yowongoka ngati mizere ya m'kope. Panali kabokosi ka sukulu, ka chipatala chaching'ono, ka msika, ka bwalo la mpira. Kunena zoona, pamapu paja panali pokongola. Mtsikanayo ankakhulupirira zimene ankanena, ndipo inenso ndinazikhulupirira.

Pobwerera mnzanga anati iye sasuntha. Anati mtovu umene unayenera kumulowa unamulowa kale, ndipo mafupa ake ndi olemera moti palibe lole imene ingawanyamule.

Mwana wanga ndiye sanachedwe. Anapeza puloti kumeneko, kupitirira nyumba zomaliza za tauni, ndipo anayamba kumanga pang'onopang'ono. Cholinga chinali choti tikakhale tonse atatu, iye, mwana ndi ine. Makoma atafika pamwamba, malata anasowa, ndipo tinagulitsa nyumba ya ku Kasanda kwa munthu wina wa makala amene ankafuna posungira matumba ake. Nyumba yatsopano itangofoleredwa, mwana wanga anamusamutsira ku Ndola pa ntchito. Analira pondiuza. Anati ndi kwa kanthawi chabe, adzapempha kubwerera. Ndinamuuza kuti apite, ntchito saikana.

Zitsulo za m'mawindo a nyumba yatsopanoyo anawotcherera mnzanga uja, ndipo anakana kumva za malipiro. Tsiku losamuka anathandiza kukweza mipando m'kalole, akutukwana mpando uliwonse kuti ndi wachikale ngati mwini wake.

"Kuthengo kumeneko mbewa ziliko zambiri," anatero. "Ukanenepa."

Kalole katayamba kuyenda ndinatembenuka kuti ndimutsanzike. Anali atalowa kale kwake, akugogoda chitsulo mwamphamvu.

Kumene ndinafikira kunalibe msewu wowongoka ngakhale umodzi. Kunali udzu wofika m'chifuwa, ziswe, ndi timiyala ta simenti tokhomedwa pansi tosonyeza malire. Apa ndi apo panali maziko osamaliza ndi milu ya mabuloko yomera nkhungu. Eni ake ankakhala ku Lusaka kapena ku migodi ya kumpoto. Ankabwera Loweruka pa magalimoto, kuyendera malire awo atanyamula m'mwamba miyendo ya mathalauza, kujambula ndi foni, n'kubwerera. Ena ankandikwezera dzanja. Ambiri ankandiyesa mlonda.

Magetsi kunalibe. Ndinali ndi kasola kakang'ono padenga kotchajira foni ndi wailesi. M'mawa woyamba ndinatsegula chitseko n'kuima pakhonde nthawi yaitali, osadziwa chimene ndikudikira. Kenaka ndinazindikira, ndipo ndinalowa kukayatsa mbaula.

Ku Kasanda phokoso silinkatha. Njinga, ana a sukulu, amayi oitanira tomato, mawailesi a anthu olimbirana. Kuno ndinayamba kumva zinthu zimene sindinkadziwa kuti zili ndi mawu, malata akamatenthedwa ndi dzuwa, mawondo anga ndikamadzuka. Masiku ena ndinkafika madzulo osalankhula ndi munthu, ndipo mwana wanga akaimba foni, mawu ankatuluka osasa ngati ndadwala. Madzulo ndinkayenda m'udzu muja. Mapu aja ndinali nditawasunga m'mutu, ndiye ndinkadziwa kuti pamene pali mtengo wa masuku ndi pasukulu, ndipo pachulu chachikulu ndi pachipatala. Ndinkatha kuima pakati pa bwalo la mpira, nkhwali zikuthawa m'mapazi mwanga.

Pamalo a msika pankalima mayi wina wachikulire wa mtundu wa Chilenje. Malo onsewo kale anali minda ya kwawo, tauni isanawameze. Abale ake anasamukira kutali, koma iye ankabwerabe wapansi ndi khasu paphewa kudzaunda mizere ya mbatata, zomwe kuno timati kandolo. Anamuuza kuti akhoza kulima mpaka tsiku lomanga litafika. Miyezi yoyamba sitinkalankhulana. Ankayang'ana nyumba yanga ngati chinthu chomera chokha m'munda mwake. Tsiku lina dzuwa litakula ndinamutengera madzi m'kapu. Anamwa, n'kuloza kuseri kwa nyumba yanga, kumene maungu anga anayanga modabwitsa.

"Paja panali khola," anatero m'Chinyanja chothyokathyoka. "Ng'ombe za amuna anga."

Ndinangoti maungu akakhwima adzatengeko. Anagwedeza mutu n'kubwerera ku khasu lake. Kuchokera tsiku limenelo tinkapatsana moni, iye m'Chilenje, ine m'Chinyanja, aliyense ataima patali.

Loweruka ndinkapalasa njinga kupita ku Kasanda. Ndinkadutsa dambo limene lili pakati pa ife ndi msewu wa tala, kenaka kulowa m'tauni, kenaka fumbi lija lomwe mphuno zanga zinkalizindikira maso asanalione. Pakhomo langa lakale sindinkayang'anapo kwambiri, matumba a makala anali ataunjikidwa mpaka kutseka windo la kuchipinda. Ndinkangoimika njinga pa nkhadze n'kufuula chipongwe changa, iye n'kuyankha ali m'kati. Tinkasewera nsolo mpaka dzuwa kupendeka. Mkazi wake ankatiphikira nshima ya kapenta, ndipo pobwerera ankandimangira yotsala m'kambale.

Mnzangayo anabwera kwanga kamodzi kokha. Anabwereka njinga, anasochera m'udzu m'mawa wonse, ndipo anafika thalauza lodzaza ndi chisoso, akupuma movutikira. Anazungulira nyumba, kugwedeza zitsulo za m'mawindo kuona ngati zagwira, kenaka anakhala pakhonde n'kuyang'ana thengo lonselo.

"Msika uli kuti?"

Ndinaloza mayi uja ali chiweramire m'mizere yake.

"Nanga sukulu?"

Ndinaloza mtengo wa masuku. Anaseka mpaka chifuwa chinamugwira, ndipo chinatenga nthawi kuti chimusiye.

"Iwe wasamukira m'tsogolo," anatero akupukuta misozi. "Wafika msanga, eni ake asanabadwe."

Tsiku limenelo ndinaona kuti mapazi ake atupa, moti nsapato anaziponda kumbuyo. Nditafunsa anati ndi ukalamba, ndisiye kumuyang'ana miyendo ngati ndikufuna kumufunsira.

Mvula ya chaka chimenecho inabwera yamvumbi. Dambo linadzaza, matope akuda ankameza tayala la njinga mpaka pakati. Ndinayesa kuwoloka tsiku lina, ndinagwa, ndipo ndinabwerera ndikukankha njinga, bondo likuwawa. Mitambo sinachoke, kasola kanaleka kugwira ntchito, foni inazima. Ndinali ndi ufa, nyemba ndi makala okwanira, ndiye ndinangokhala. Loweruka linadutsa, linanso linadutsa. Ngakhale mayi wa kandolo sanaoneke. Ndinkakhala pakhomo kuyang'ana madzi akuyenda mumsewu umene kulibe.

Dzuwa litawala ndi matope kuuma pang'ono, sindinadikire n'komwe kuti foni idzaze. Ndinathyola nkhwani, kumanga pakaliyala, ulendo wa ku Kasanda. Ndinaimika njinga pa nkhadze paja monga mwa nthawi zonse.

"Kolwe iwe, mvula yatha, tsika mumtengo!"

Panalibe yankho. Nditasuzumira ndinaona phulusa lalikulu pakati pa bwalo, lozunguliridwa ndi zitsa zopsa theka. Udzu unali woponderezedwa ndi mapazi a anthu ambiri. Makina ake owotcherera anali atafunditsidwa thumba. Ndinagwira chishalo cha njinga ndi manja onse awiri.

Mkazi wake anatuluka atavala zakuda, mpango utafika m'maso.

"Alamu, mwabwera."

Anandilowetsa m'nyumba. Mipando inali ikadali yokankhidwira kukhoma. Anandiuza kuti mwamuna wake anagonekedwa ku chipatala mvula ili pakati, ndipo sanakhalitseko. Anandiimbira kambirimbiri, foni osalowa. Mwana wanga ku Ndola nayenso anayesa, osatheka. Anatuma amuna awiri a ku tchalitchi pa njinga, koma anakafika pa dambo n'kupeza madzi okhaokha. Atazungulira njira ina anapeza udzu ndi maziko a nyumba, popanda womufunsa. Msewu wanga unalibe dzina, ndipo munthu yekhayo wa ku Kasanda amene ankadziwa khomo langa ndi amene anali m'bokosi.

"Achimbuya analipo?" ndinafunsa.

"Analipo a ku tchalitchi, a ku Chipata. Anayesa ndithu. Koma sanali kumudziwa, alamu. Anangonena za anyani basi. Palibe anatchula kuti anali kubera nsolo."

Kenaka anapitiriza.

"Ali ku chipatala anati ndikuuzeni. Anati wodya mbewa uja akabwera asadzalire ngati mkazi wamasiye, adzagwire ntchito yake."

Anadzuka kupita kukhitchini, n'kubwera ndi ufa m'mbale yaing'ono. Anagwada patsogolo panga n'kukankhira mpango kumbuyo pang'ono.

"Pakani. Ndi ntchito yanu."

Ndinatapa ufa n'kumupaka pachipumi ndi m'masaya. Ndinamuuza kuti wapumula, chifukwa anakwatiwa ndi munthu wosadziwa kusamba m'manja, wowotcherera mbaula zopendama, amene ankaba miyala ya nsolo n'kuibisa m'kamwa. Anaseka, misozi ikulemba mizere mu ufa uja. Ndinapitiriza mpaka mawu anandithera.

Kumanda ndinapita ndekha, atandilongosolera mzere wake. Mulu wa dothi unali utatsika kale ndi mvula, maluwa apulasitiki atagwera cham'mbali. Ndinawadzutsa. Ndinayang'ana uku ndi uku, kunalibe munthu, ndiye ndinamunena mokweza. Ndinamuuza kuti wathawa masewera chifukwa ankaluza. Ndinamuuza kuti Mbemba ndi wamantha, amadikira mnzake atsekeredwe ndi madzi kuti azembe. Chipongwe chimafuna wobweza. Ndinaima pamenepo kanthawi, kenaka ndinakhala pansi pa dothi lonyowalo mpaka njala inandikumbutsa kuti kwathu n'kutali.

Mkazi wake sanakhalitse ku Kasanda. Abale ake anadzamutenga kupita naye ku Kasama. Ine ndinapitako kangapo, koma ndinkangozungulira ndi njinga ngati munthu wofuna nyumba ya lendi. Kenaka ndinaleka.

Mwana wanga anandichonderera kuti ndimutsatire ku Ndola. Ndinati ndiganiza, ndipo mpaka lero ndikuganizabe. Pa tchuthi amabwera ndi mdzukulu wanga. Mwanayo anachira, anatalika, amawerenga bwino. Amathamanga pabwalo langa wopanda nsapato, kukumba dothi mmene akufunira, mayi wake osamukalipira. Ndikamuona choncho ndimadziwa kuti mtsikana wa mapu uja sananame. Tchuthi chikatha ndimawaperekeza mpaka ku tala, ndipo pobwerera ndimayenda pang'onopang'ono.

Chilimwe chathachi kunabwera chigalimoto chokonza misewu. Ndinachimva chikadali kutali. Chinayamba ku dambo, kumene anaikako mapaipi ndi kuthira miyala, kenaka chinalunjika m'udzu muja kutsata timiyala ta simenti. Chinadutsa pakhomo panga penipeni, monga mmene mapu ananenera, n'kusiya msewu wofiira, wotakata, wowongoka. Ndinaima pakhonde fumbi likundithira, ndipo ndinasangalala ndithu.

Msewu wachiwiri unayenera kudutsa m'mphepete mwa msika. Woyendetsa anazimitsa injini n'kupatsa mayi wa Chilenje uja nthawi yoti akumbe kandolo wake. Ndinatenga khasu langa kukamuthandiza. Tinakumba, iye mzere uwu, ine mzere uwo, kandolo wina akadali wamng'ono ngati chala. Titadzaza matumba ndinawakweza pa njinga n'kumukankhira mpaka ku tala kumene anakwera basi. Asanakwere anamasula mtolo wa mphukira za kandolo n'kundipatsa. Ananena mawu angapo m'Chilenje omwe sindinawamve, ndipo sindinamufunse kuti abwereze. Sanabwerenso.

Msewu utatseguka, malole a mchenga anayamba kulowa. Moyang'anana ndi ine banja lina lachinyamata lamanga nyumba. Anayamba ndi mpanda wa mabuloko, wautali kuposa munthu, ndi geti lachitsulo, kenaka nyumba m'kati. Mwamunayo amatuluka m'mawa pa galimoto, magalasi otseka. Madzulo ndimamva ana akusewera kuseri kwa khomalo, akukangana m'Chizungu, koma nkhope zawo sindinazione bwino.

Mapaipi a madzi sanafike kuno, ndipo chitsime chawo chinagumuka asanamalize kukumba. Ndiye mayi wa nyumbayo amabwera kudzatunga kwanga. Amafika ndi zigubu pa wilibala, timawaya ta foni tili m'makutu, akulankhula ndi munthu wina kutali. Akandiona amachotsa kawaya kamodzi.

"Ba shikulu, muli bwanji? Nitapeko manzi?"

"Tapani, mama."

Amabwezera kawaya kaja m'khutu n'kuyamba kukoka ndowa. Ine ndimapeza chochita pafupi, kuzula udzu kapena kukonza mzere, mpaka zigubu zitadzaza. Sabata yatha ndinaona kuti chingwe cha pachitsime chayamba kumukhadzula m'manja. Ndinapalasa njinga kupita m'tauni kukagula chatsopano, chofewa, ndipo ndinachimangirira iye asanabwere.